Mphete ya Golide ndi Ngongole ya Mkulu Wina wa ku West Point

Kwa zaka zitatu ndinkagwira ntchito yosamalira mkulu wina wokalamba m'tauni ina yaing'ono ya m'chigawo cha New York, ku America, ndipo imodzi mwa ntchito zanga za tsiku ndi tsiku inali kuwawerengera makalata, popeza maso awo anali atayamba kuchita mdima. Makalata ambiri opempha thandizo ankandiuza kuti ndiwataye ndisanamalize n'komwe ndime yoyamba, koma panali envulopu imodzi imene ikafika ankati ndikhale pansi, ndiwerenge mosathamanga, kenaka ndikatenge buku la macheke m'kabati. Inali yochokera ku bungwe la ophunzira akale a sukulu ya usilikali ya West Point, kumene iwo anamaliza maphunziro m'zaka za m'ma 1960 asanapite kunkhondo ya ku Vietnam. Dzanja lawo linkanjenjemera kwambiri moti kusaina cheke chimodzi kunkatenga mphindi zingapo, komabe sanalolepo kuti mwana wawo wamkazi kapena ine tiwagwirizize cholembera. Pa chala cha dzanja lomwelo panali mphete yolemera ya golide, yothereratu m'mphepete, imene sankaivula ngakhale posamba.

Nthawi yoyamba imene ndinaona chekecho mtima wanga sunakondwe. Dziko la America limawononga ndalama zoposa madola 800 biliyoni pa chaka pa gulu lake lankhondo, ndipo ine ndinali nditangotumiza kumene kandalama kumudzi koti mwana wa mchemwali wanga asathamangitsidwe kusukulu chifukwa cha fizi. Kwa ine zinkaoneka ngati kuthira ndowa ya madzi m'nyanja pamene dimba la mnzako likuuma. Patapita miyezi, titazolowerana, ndinawafunsa mwaulemu kuti, "Agogo, kodi boma lanu lasowa ndalama zophunzitsira asilikali ake kuti mpaka inu muzichotsa pa penshoni yanu?" Iwo sanapse mtima. Anandiyankha kuti, "Mwana wanga, boma limalipira zokwanira kuti mnyamata kapena mtsikana atuluke pasukulu paja akudziwa kulamula anthu. Ine ndimapereka kuti atuluke ali woyenera kumveredwa. Ndinatsogolerapo ana a eni kumalo kumene ena sanabwereko, ndipo ndikudziwa zimene ndinkasowa tsiku limenelo." Atatero anapempha tiyi, ndipo nkhaniyo sitinaipitirize tsiku limenelo, koma inandikhala mumtima, moti ndinayamba kuwerenga makalata aja ndi maso ena.

West Point ili m'mbali mwa mtsinje wa Hudson, pamtunda wa makilomita pafupifupi 80 kumpoto kwa mzinda wa New York, ndipo inakhazikitsidwa m'chaka cha 1802 pamene Thomas Jefferson anali mtsogoleri wa dzikolo. Pasukulupa pamakhala ophunzira usilikali, otchedwa makadeti, pafupifupi 4,400, ndipo chaka chilichonse pamatuluka maofesala atsopano pafupifupi 1,000. Kadeti salipira fizi. Boma limamupatsa pogona, chakudya, chithandizo cha kuchipatala ndi kamalipiro ka pamwezi, ndipo iye amabweza pogwira ntchito ya usilikali kwa zaka zosachepera zisanu akamaliza maphunziro ake a zaka zinayi. Choncho ndalama za ophunzira akale sizigula mfuti kapena zipolopolo, ndipo sizilipira chakudya cha tsiku ndi tsiku. Zimapita ku zimene eni ake amazitcha Margin of Excellence, kutanthauza kachigawo kapamwamba kamene kamasiyanitsa maphunziro okwanira ndi maphunziro opambana. Ndi ndalama zimenezi makadeti amapita kumayiko ena pa tchuthi kukaphunzira zilankhulo ndi kukhala pakati pa anthu a miyambo ina, amachita kafukufuku limodzi ndi aphunzitsi awo, amayendetsa magulu awo a mtsutso, a nyimbo ndi a masewero, ndipo pasukulupo pamamangidwa nyumba zina zimene bajeti ya boma sikanaziika patsogolo. Ntchito yotolera ndalama imene bungwe la ophunzira akale lija, la West Point Association of Graduates, linaitcha For Us All, yomwe inatha m'chaka cha 2015, inasonkhanitsa ndalama zoposa madola 400 miliyoni.

Poyamba mawu akuti kachigawo kapamwamba ankandimvekera ngati zokometsera chabe, ngati shuga wa pamwamba pa keke. Ndinasintha maganizo nditaganizira bwino za munthu amene amatuluka pasukulu yoteroyo. Amakhala wa zaka 22, amapatsidwa udindo wa lefitenanti, ndipo posakhalitsa amaikidwa kutsogolo kwa asilikali 30 kapena 40, ena mwa iwo aakulu kuposa iye, okhala ndi mabanja ndi ana. Mnyamata kapena mtsikana ameneyu angathe kupezeka ataima pakhomo pa mudzi wa anthu amene sadziwa chilankhulo chawo, usiku, asilikali ake ali ndi mantha ndiponso mkwiyo chifukwa mnzawo waphedwa dzulo lake, ndipo palibe mkulu woti amufunse. Zimene adzalamule pa mphindi imeneyo zimadalira zimene zinalowa m'mutu ndi mumtima mwake zaka zapitazo. Ngati anakhalapo mwezi umodzi m'nyumba ya banja la anthu achilendo, kudya chakudya chawo ndi kuseka ndi ana awo, n'kovuta kuti aone anthu a m'mudzimo ngati zinthu. Ngati anazolowera kutsutsidwa pa mtsutso ndi kuvomereza kuti walakwa, angathe kumvera sajeni wake wodziwa zambiri. Anthu amene amapindula ndi maphunziro amenewa si asilikali okha, komanso amayi ndi ana a m'mayiko akutali amene sadzamva n'komwe dzina la West Point. Pamenepa m'pamene ndinayamba kumvetsa yankho la agogo aja.

Chitsanzo china chimene iwo ankakonda kuchitchula ndi cha likulu lofufuza za uchigawenga lotchedwa Combating Terrorism Center, limene linatsegulidwa pasukulupo m'chaka cha 2003. Zigawenga zitagwetsa nyumba zosanja ku New York pa 11 September 2001, munthu wina wamalonda amene anamaliza maphunziro ku West Point mu 1977, Vincent Viola, anapereka ndalama zoyambitsira likululi kuti makadeti aziphunzira mozama za mdani wamtundu watsopanoyu. Likulu lomweli ndi limene mu 2012 linatulutsa poyera ena mwa makalata a Osama bin Laden amene anapezeka kunyumba yake ku Abbottabad, m'dziko la Pakistan, kuti aliyense awerenge yekha. Boma likanatha kumanga zimenezi, koma ndalama za boma zimayenda pang'onopang'ono, zimadikira nyumba ya malamulo ndi chaka cha bajeti, pamene mphatso ya munthu mmodzi inafika nthawi imene inkafunika.

Mwambo wopereka umenewu unayamba kalekale, ndipo chiyambi chake chinandikhudza kuposa kuchuluka kwa ndalamazo. Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, kuyambira 1861 mpaka 1865, anthu amene anaphunzira m'kalasi imodzi ku West Point, kugona m'chipinda chimodzi ndi kuguba limodzi pa perete, anapezeka akutsogolera magulu ankhondo olimbana. Ulysses Grant, amene anamaliza mu 1843, ankatsogolera asilikali a kumpoto, ndipo Robert Lee, amene anamaliza mu 1829 ndiponso anakhalapo mkulu wa sukuluyo, ankatsogolera a kumwera amene ankamenyera nkhondo kuti ukapolo upitirire. Patangopita zaka zinayi nkhondoyo itatha, mu 1869, ophunzira akale angapo anakumana ku New York n'kukhazikitsa bungwe lawo, ndipo mtsogoleri wake woyamba anali Sylvanus Thayer, amene anayendetsa sukuluyi kuyambira 1817 mpaka 1833 ndipo mpaka lero amatchedwa tate wake. Chimodzi mwa zolinga zawo chinali chakuti abale amene analozana mfuti adzathe kukhalanso patebulo limodzi. Kutolera ndalama kunadzakula pambuyo pake, koma mbewu yake inali imeneyi, yoti amene anadutsa pakhomo limodzi ali ndi udindo wina kwa mnzake ndi kwa khomolo.

Mmodzi mwa anthu oyambirira kusiyira sukuluyi chuma chambiri anali George Cullum wa kalasi ya 1833. Atamwalira mu 1892 anasiya madola 250,000 omangira nyumba ya chikumbutso imene ikuimabe mpaka lero ndipo imadziwika ndi dzina lake. Koma mphatso yake imene ine ndimaiona kuti ndi yaikulu si nyumbayo. Cullum anathera zaka zambiri akulemba kaundula wa aliyense amene anamaliza maphunziro pasukulupo, kuyambira Joseph Swift wa mu 1802 amene anapatsidwa nambala 1, ndipo kuchokera pamenepo womaliza maphunziro aliyense amalandira nambala yake motsatana. Manambalawa anadutsa kale 70,000. Agogo aja ankaiwala tsiku la sabata, nthawi zina ankaiwala ngati adya kale, koma nambala yawo ankaitchula mosadodoma. Munthu amene akudziwa kuti ali ndi malo ake pamzere, kuti kutsogolo kwake kuli anthu masauzande ndipo kumbuyo kwake kukubwera enanso, savutika kumvetsa chifukwa chake ayenera kupereka. Eni ake amautcha mzerewu Long Gray Line, mzere wautali wotuwa, potengera mtundu wa yunifolomu ya makadeti.

Pali dongosolo lina limene ndinalisirira kwambiri, ndipo silifuna chuma chochuluka. Kalasi iliyonse yatsopano ikamalowa, imalumikizidwa ndi kalasi imene inamaliza zaka 50 m'mbuyo mwa chaka chimene iwo adzamalize. Akuluakulu a zaka pafupifupi 70 amenewa amayenda ndi ana aja kwa zaka zonse zinayi. Makadeti atsopano akamaliza maphunziro ovuta a masabata oyambirira, amayenda ulendo wapansi wa makilomita pafupifupi 19 kubwerera kusukulu, ndipo ena mwa akuluakulu aja amayenda nawo, amene mawondo awalola. Amapezekanso tsiku limene makadeti amalumbira, poyamba chaka chachitatu, kuti tsopano sabwereranso m'mbuyo, ndipo pa tsiku lomaliza maphunziro amawapatsa timabaji toyamba ta udindo wa lefitenanti. Agogo aja anachita nawo zimenezi ndisanawadziwe, ndipo m'chipinda mwawo munali chithunzi cha iwo ali ndi mtsikana wina wachikuda atavala yunifolomu, onse akuseka. Ankati mtsikanayo ankawalembera makalata ali kutali ku ntchito, ndipo m'kalata ina anawafunsa mmene munthu amalembera mayi wa msilikali amene wafa m'manja mwake. Funso limenelo palibe mphunzitsi wa m'kalasi akanaliyankha monga mmene akanayankhira munthu amene analembapo makalata oterowo. Akuluakulu athu anati kupatsa n'kuika, ndipo apa ndinaona kuti chimene chimaikidwa si ndalama zokha, komanso zowawa zimene munthu anazisunga kwa zaka 50.

Sindikufuna kuti nkhaniyi imveke ngati kuti zonse za ophunzira akale n'zokoma, chifukwa chikondi cha anthu pa sukulu yawo chili ndi mbali ina yoopsa, ndipo mbiri ya West Point yomweyo ikuchitira umboni. Kuyanjana kwa mu 1869 kunali kuyanjana kwa azungu okhaokha. Henry Flipper, amene anabadwira mu ukapolo, anakhala munthu wakuda woyamba kumaliza maphunziro pasukulupo mu 1877, atatha zaka zinayi anzake akumusala osamulankhula pokhapokha pa nkhani za ntchito. Pambuyo pa Charles Young mu 1889, panapita zaka 47 popanda munthu wakuda wina kumaliza, mpaka Benjamin Davis Jr. mu 1936, amene nayenso ankagona yekha m'chipinda ndi kusalidwa zaka zonse zinayi. Akazi analoledwa kulowa mu 1976, ndipo oyamba 62 anamaliza mu 1980, ngakhale ophunzira akale ambiri ankatsutsa zoti akazi alowe. Amene ankasala anzawowa nawonso ankaikonda sukulu yawo, nawonso ankavala mphete, ndipo ankakhulupirira kuti akuteteza mwambo. Chikondi chotero chikagwira ndalama m'manja chimatha kukhala chingwe chomangira sukulu kuti isasunthe.

Nkhondo imeneyi sinathe. Ku Virginia Military Institute, sukulu ina ya usilikali imene imadalira kwambiri ndalama za ophunzira akale, munabuka mkangano waukulu mu 2020 makadeti akuda atadandaula za tsankho. Mkulu wa sukuluyo anatula pansi udindo, chiboliboli cha Stonewall Jackson, kazembe wankhondo wa mbali ya ukapolo, chinachotsedwa kutsogolo kwa nyumba ya makadeti, ndipo Cedric Wins anakhala munthu wakuda woyamba kuyendetsa sukuluyo. Ophunzira akale anagawikana, ndipo ena anapanga gulu lolimbana ndi kusinthaku. Ku West Point nako, kumapeto kwa 2022, chithunzi chachikulu cha Lee atavala yunifolomu ya gulu loukira boma chinachotsedwa mu laibulale, ndipo si onse amene anakondwa. Ndikukumbukira kuti anzawo ena a agogo aja ankaimba foni akunena kuti aleka kupereka mpaka zinthu zitabwerera mwakale. Iwo ankamvetsera mpaka munthuyo amalize, kenaka ankati, "Sukulu ija si yathu ayi, ndi ya ana amene ali kumeneko lero komanso ya anthu amene adzatsogoleredwe ndi anawo. Ngati ukupereka kuti akumvere, ndiye kuti ukugula, sukupereka." Chaka chimenecho anasaina cheke chawo monga mwa nthawi zonse.

Apa m'pamene pagona maganizo anga pa nkhani yonseyi. Mphatso ya wophunzira wakale ku sukulu ya usilikali ndi yabwino pokhapokha ngati woperekayo avomereza kuti akubweza ngongole, ndipo wobweza ngongole salamula mmene mwini wake agwiritsire ntchito ndalamazo. Gulu lankhondo ndi la dziko lonse, limalipiridwa ndi msonkho wa aliyense, ndipo limayenera kumvera malamulo a dziko ndi atsogoleri osankhidwa ndi anthu, osati anthu olemera amene anamangira makadeti bwalo la masewero. N'chifukwa chake ndimaona kuti n'koyenera kuti ndalama za ophunzira akale zizikhala za kachigawo kapamwamba kokha, pamene maziko onse, monga malipiro, chakudya, zida ndi kusankha oti alowe, akhale m'manja mwa boma. Tsiku limene sukulu yotero ingayambe kudalira mphatso kuti idyetse makadeti ake, ndiye kuti maofesala a mawa ayamba kukhala ndi mabwana awiri. Ndimaonanso kuti kupereka kwa anthu ambiri, aliyense pang'onopang'ono, n'kotetezeka kuposa kwa munthu mmodzi wopereka zochuluka, chifukwa mawu a munthu mmodzi samira pakati pa anthu masauzande. Masukulu asanu a usilikali a boma la America ankachita mpikisano chaka ndi chaka wa ophunzira akale, ndipo wopambana sankapezeka poona kuchuluka kwa ndalama koma poona gawo la ophunzira akale amene aperekapo kanthu, ngakhale kochepa. Muyezo umenewu ndi wanzeru.

Komanso ndalama, kaya zichuluke bwanji, sizigula khalidwe. Lamulo la ulemu la makadeti limati kadeti sanama, sabera mayeso, saba, ndipo salekerera amene akuchita zimenezi. Komabe mu 1976 makadeti oposa 100 anachoka pasukulupo chifukwa chobera mayeso a zamagetsi, ndipo mu 2020 makadeti oposa 70 anaimbidwa mlandu wobera mayeso a masamu amene analemba pa intaneti m'nthawi ya mliri wa Covid-19. Zimenezi zinachitika pasukulu yokhala ndi nyumba zokongola ndi mphatso za mamiliyoni. Agogo aja ankanena za nkhani zimenezi ndi nkhope yakugwa, ngati mmene kholo limanenera za mwana wake amene wagwidwa ndi cha eni. Koma sankati sukulu yawonongeka ndiye tiisiye. Ankati ana akalakwa m'pamene akuluakulu ayenera kuyandikira.

Tsiku lina m'nyengo ya masika mwana wawo anatitenga pagalimoto kupita ku West Point, ndipo iwo sanafune kuona nyumba zatsopano kapena bwalo la mpira. Anati tiwakankhe pa njinga yawo ya olumala mpaka kumanda a sukuluyo. Kumeneko kwagona anthu a mibadwo yosiyanasiyana, ndipo pali chigawo chimene miyala yambiri ili ndi zaka za nkhondo ya ku Vietnam. Kalasi ya 1966 yokha inataya anthu 30 pankhondo imeneyo. Kwagonanso Emily Perez wa kalasi ya 2005, amene anaphedwa ndi bomba la m'mbali mwa msewu ku Iraq mu 2006 ali ndi zaka 23, akutsogolera asilikali ake. Agogo aja ankaima pa mwala uwu ndi uwo, kutchula dzina, kunena kuti uyu ankaimba bwino, uyu anandithandiza masamu chaka choyamba, uyu anasiya mkazi ali ndi pakati. Sanalire, koma ulendo wonse wobwerera sanalankhule. Ine ndinazindikira tsiku limenelo kuti cheke chija sichinali chokondwerera nkhondo. Munthu amene anaika m'manda anzake ochuluka chotero sakonda nkhondo. Iwo ankadziwa kuti andale adzatumizabe ana kunkhondo, kaya iwo afune kapena asafune, ndipo chimene akanatha kuchita ndi kuthandiza kuti wowatsogolera adzakhale munthu woganiza, wosataya miyoyo ya anzake mwachisawawa ndiponso wosadetsa manja ake ndi magazi a anthu osalakwa.

Zonsezi zinandichititsa kuganiza za kwathu, ngakhale kuti chuma cha mayiko awiriwa sichingayerekezedwe. Ifenso tili ndi sukulu ya asilikali ku Salima, ya MAFCO, ndipo maofesala otuluka kumeneko atsogolera ana athu ku ntchito yosungitsa mtendere ku Congo, kumene ena anataya miyoyo yawo. Tinaona mu April 2012, pulezidenti Bingu wa Mutharika atamwalira, kuti asilikali athu anateteza malamulo a dziko, ndipo tinaonanso pa zionetsero za 2019 ndi 2020 asilikali akuyenda pambali pa anthu m'misewu kuwateteza. Khalidwe lotero silimera lokha ngati bowa. Limachokera ku zimene maofesala anaphunzitsidwa ndi zimene anaona kwa akuluakulu awo, ndipo n'chifukwa chake maphunziro a ofesala ndi nkhani ya aliyense, ngakhale wa ife amene sitinagwirepo mfuti. Chimene ndingakonde kuti titengepo si mamiliyoni aja, koma mzere uja: kaundula wosunga dzina la aliyense, ndi mwambo woti msilikali wopuma ntchito aziyenda ndi kadeti wa lero, kumuuza zimene mabuku sanena. Ndinaganizanso za sekondale imene ine ndinaphunzira. Pa gulu lathu la WhatsApp timasonkha mofulumira mnzathu akamwalira, ndipo zimenezi n'zabwino, koma kwa zaka zambiri palibe anadzutsapo nkhani ya mabuku a ana amene akukhala pa madesiki amene tinkakhalapo. Ndinaidzutsa ine chaka chatha, ndipo anthu ochepa tinayamba kusonkha mwezi ndi mwezi.

Nkhani ya mphete ndaisungira kumapeto chifukwa ndi imene inandikhudza koposa. West Point ndiyo inayambitsa mwambo wa mphete za kalasi ku America, m'chaka cha 1835, ndipo makadeti amalandira mphete zawo poyamba chaka chawo chomaliza. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, wophunzira wakale wina wa kalasi ya 1958, Ron Turner, anapereka ganizo loti mphete za amene anamwalira, kapena amene afuna kupereka akadali moyo, zizisungunulidwa ndi kusakanizidwa ndi golide wa mphete zatsopano. Kalasi ya 2002 ndiyo inali yoyamba kuvala mphete zoterozo. Chaka chilichonse, golide akasungunuka, amapatulako kachidutswa kakang'ono n'kukasunga kuti adzakaponye mu golide wa chaka chotsatira, kotero kuti mphete iliyonse yatsopano imakhala ndi kachigawo ka mphete zonse zimene zinaperekedwa chiyambire. Pa mphatso zonse zimene ndafotokozazi, iyi yokha ndi imene woperekayo sangalembepo dzina lake, sangaiikire malamulo, ndipo sangadzaifunenso, chifukwa dzina lolembedwa m'kati mwa mpheteyo limasungunuka limodzi ndi golideyo.

Miyezi ingapo asanamwalire, agogo aja anandiitana m'mawa wina n'kundiuza kuti ndibweretse sopo ndi madzi ofunda. Mfundo za zala zawo zinali zitatupa ndi nyamakazi, ndipo tinalimbana ndi mpheteyo kwa nthawi yaitali isanatuluke. Pamene inali panatsala mzere woyera, wolowa m'kati, ngati pamene pamangidwa chingwe pa mtengo kwa zaka zambiri. Anaiyang'ana, anaitembenuza, kenaka anandipatsa kuti ndiwerenge zolembedwa m'kati mwake, koma zilembo zambiri zinali zitafufutika. Anati ndiiike mu envulopu, ndilembe dzina la mwana wawo pamwamba, ndipo pansi pake ndilembe kuti ipite kukasungunulidwa. Ndinawafunsa ngati sangakonde kuti itsale m'banja, adzukulu awo aziiona. Anati adzukulu ali ndi zithunzi, koma mphete ndi ya pa chala cha munthu amene ali ndi anthu oti awasamale.

Iwo anamwalira m'nyengo yothothoka masamba, ndipo m'nyengo ya chisanu yotsatira mwana wawo anandipempha kuti ndimuperekeze ku mwambowo. Mphete zinali zitandandalikidwa patebulo, iliyonse pambali pa chithunzi cha mwini wake. Ankawerenga mbiri ya munthu mmodzimmodzi mwachidule, kenaka wachibale ankanyamuka, kutenga mpheteyo n'kukaiika mu kambiya kosungunuliramo, ndipo ena ankapereka sailuti. Makadeti a kalasi imene idzavale golideyo anali atakhala chete m'mipando yawo, anyamata ndi atsikana a mitundu yosiyanasiyana, ena nkhope zawo zikuonekabe zaubwana. Dzina la agogo aja litatchulidwa, mwana wawo anaimirira koma miyendo inamulemera, ndipo anandigwira mkono kuti tipitire limodzi. Anaigwira mpheteyo kwa kanthawi, anaipsompsona, n'kuiika pamwamba pa zinzake. Tikubwerera kumipando yathu, kadeti wina wamkazi amene anakhala kumapeto kwa mzere anaimirira kutipatsa njira, ndipo anatifunsa monong'ona kuti mkuluyo anali munthu wotani. Mwana wawo sanathe kuyankha, choncho ndinayankha ine, ndipo ndinayambira pa nkhani ya sopo ndi madzi ofunda.